KODI CINTHU CIDZIWIKA NDI CIMENE CIRIBE?

Munthu akafuna kulekanitsa zinthu m'mitundu yace, ayang'ana cimene ziri naco. Mbuzi tizisiyanitsa ndi maanga, mitengo ndi masamba ndi zipatso, anthu ndi ziongo zao, uyu Phiri, uyu Banda, uyo Mwale. Palibe mwini khola amene azindikira mbuzi zace ndi nyanga zimene sizinamere. Komatu pakati pa anthu ophunzira masamu alipo ena amene asanthula ziwerengero, zimene ana a sukulu azicha manambala, naziika m'mapfuko posayang'ana cimene ciripo, koma malo otsala opanda kanthu: alipo angati, ndipo atsatana motani. Pakumva nkhaniyi koyamba munthu ayesa ndi masewera a anthu osowa munda wolima. Koma ine ndiyesa kuti m'katimo muli funso lotikhudza tonse, pakuti nafenso tiweruzana kawirikawiri ndi mipata, ndiwo masiku amene mnzathu sanaoneke, ndalama imene sanapereke, mau amene sananene. Tiyeni tsono tiyambe tamva za manambalawo, ndipo pambuyo pace tione ngati kuweruza kotere kuli kolungama.

Kalembedwe kamene tinaphunzira kusukulu kayenda ndi makumi. Tiri nazo zizindikiro khumi, kuyambira 0 kufikira 9, ndipo cizindikiro cikasendera kumanzere malo amodzi mphamvu yace ikula kakhumi. Koma khumi si lamulo la cilengedwe iai. Tinalitenga ku zala za m'manja mwathu. Ngakhale cinenero cathu cionetsa njira yina, popeza tikafika pa zisanu tiyambanso, ndi kunena zisanu ndi cimodzi, zisanu ndi ziwiri, monga munthu amene watha dzanja limodzi nayamba linzace. Anthu akale a ku Babylon anawerenga ndi 60, ndipo cotsalira ca mwambo wao cikali nafe m'mphindi 60 za ora limodzi. Tsono pali kawerengedwe kena kocepetsetsa, koyenda pawiri pawiri, ka zizindikiro ziwiri zokha, 1 ndi 0. Ndiko kamene makompyuta ndi mafoni a masiku ano agwira nako nchito, cifukwa nkwapafupi kupanga kacipangizo kodziwa zinthu ziwiri zokha, kuti mphamvu ya magetsi iripo kapena palibe.

Kuti timve bwino, yerekezani zikho zoikidwa pamzere pamphasa. M'cikho ca kumapeto, kudzanja lamanja, mulowa nyemba imodzi yokha. M'cotsatira cace mulowa ziwiri, m'cinzace zinai, ndiye 8, 16, 32, 64, 128, ciri conse kuposa cinzace kawiri. Lamulo liri limodzi: cikho cikhale codzala, kapena cikhale copanda kanthu, ca theka kulibe. Pa codzala tilemba 1, pa copanda kanthu tilemba 0, amene timucha ziro. Munthu wa nyemba 13 adzaza cikho ca 8 ndi ca 4, alumpha ca 2, natsiriza ndi ca 1; walemba 1101. Wa nyemba 9 adzaza ca 8 ndi ca 1, nasiya ziwiri za pakati, ndiye 1001. Yesani ndi mulu uli wonse, mudzapeza kuti njira yoikira iri imodzi yokha, yaciwiri palibe. Cotero nambala iri yonse iri nayo nkhope yace yace ya zikho zodzala ndi zopanda kanthu.

Penyani tsono nchito ya cikho copanda kanthu. Mukacotsa ziwiri zija za pakati pa 1001, poyesa kuti ziribe phindu, mutsala ndi 11, ndizo nyemba zitatu zokha. Zisanu ndi imodzi zatayika, cinkana m'zikho munacotsazo munalibe nyemba ndi imodzi yomwe. Ziro ndiye msungi wa malo. Afanana ndi mpando wa nduna imene sinabwere kubwalo: mpandowo sulankhula, koma ali yense aona amene wasowa, ndipo otsalawo akhala yense pa malo ace. Nzeru iyi anthu sanaipeze msanga. Alembi a ku Babylon poyamba anangosiya mpata padothi limene analembapo, ndipo wowerenga anabvutika kudziwa ngati mpatawo uli wa malo amodzi kapena awiri. Patapita nthawi ndipo anapanga cizindikiro cosungira malowo. Ku India ndiko kumene ziro anayesedwa nambala yeniyeni, ndipo m'caka ca 628 Brahmagupta analemba malamulo a kuonkhetsa ndi kucotsera naye. Tigwire mfundo iyi, pakuti tidzaifunanso: kulemba kuti palibe kusiyana ndi kusalemba kanthu.

Kusanthula koyamba kuyang'ana maziro a kumcira, ondondozana kumapeto kwa nambala. 13 iribe ziro kumcira. 6 ilembedwa 110, iri naye mmodzi. 12 ilembedwa 1100, iri nao awiri. 40 ilembedwa 101000, atatu. 96 ilembedwa 1100000, asanu. Kodi maziro amenewa anena ciani? Anena za kugawana. Abale awiri agawana nyemba 40 pakati, yense atenga 20. Wina agawanso zace ndi mnzace, 10 ndi 10. Agawanso, 5 ndi 5. Pamenepo kugawana kwa mtendere kwatha, pakuti pa zisanu itsala nyemba imodzi yoyambitsa mkangano. Agawa katatu, ndipo maziro a kumcira ali atatu. Pfuko la nambala tsono ndilo kangati igawika pakati posatsala kanthu. Mukalemba mapfuko a manambala kuyambira 1 kufikira 16 muona ciwanda cotere: 0, 1, 0, 2, 0, 1, 0, 3, 0, 1, 0, 2, 0, 1, 0, 4. Mmisiri wa matabwa acizindikira msanga, pakuti ndimo mmene timizere ta pa muyeso wace wa mainci titalikira ndi kufupikira: kakafupi, kotalikirapo, kakafupi, kotalika ndithu. Ndipo mapfukowa salingana kukula. Pa manambala 1,024 oyamba, 512 alibe ziro kumcira, 256 ali naye mmodzi, 128 ali nao awiri, 64 atatu, ndipo pfuko liri lonse licepa ndi theka pa linzace, kufikira 1,024 mwini, yokhala yokha ndi maziro khumi.

Ciwanda cimeneci cioneka m'malo amene munthu sakadaganizira. M'caka ca 1883 Édouard Lucas wa ku France anaturutsa masewera ochedwa Nsanja ya Hanoi, ndipo mukhoza kuwayesa nokha madzulo ano ndi mbale zitatu zosiyana kukula, zosanjikizana, yaikuru pansi. Lembani malo atatu pabwalo. Musamutse mulu wonse kunka pa malo ena, mbale imodzi imodzi, osaika yaikuru pamwamba pa yaing'ono. Wosalakwa atsiriza atasuntha kasanu ndi kawiri, motere: yaing'ono, yapakati, yaing'ono, yaikuru, yaing'ono, yapakati, yaing'ono. Linganizani ndi mndandanda uja, 0, 1, 0, 2, 0, 1, 0, muona kuti maziro a kumcira kwa nambala ya ulendo ndiwo achula mbale yoyenera kusuntha. Pa masewerawa anaphatikizapo nthano ya nsanja ya mbale 64. Kusamutsa nsanja yotere kufuna maulendo 18,446,744,073,709,551,615, ndipo munthu wosuntha mbale imodzi pa sekondi iri yonse akadatha zaka zoposa mabiliyoni 500. Theka la maulendo onsewo liri la kambale kakang'ono, kongoyendayenda kosapuma. Mbale yaikuru ya pansi ikhala phee, nisuntha kamodzi kokha, pa ulendo wolembedwa 1 wotsatidwa ndi maziro 63. Mlendo wofika pakati pa masewera akadati mbale yaikuruyo nja ulesi. Osadziwa kuti piringupiringu yense wa tinzace ali wa kuikonzera njira.

Kusanthula kwaciwiri kuyang'ana mzere wotalika koposa wa maziro otsatana, kaya uli m'kati, kaya kumcira. 9, ndiyo 1001, iri ndi mpata wa awiri. 529 ilembedwa 1000010001, iri ndi mipata iwiri, wina wa anai, wina wa atatu, ndipo iwerengedwa m'pfuko la anai. Anyamata ndi asungwana ophunzira nchito ya kompyuta apatsidwa funso la mtundu uwu kawirikawiri, kuti aphunzitsi aone ngati adziwa kuganiza mwa dongosolo. Koma funso lokoma ndi ili: alipo angati manambala oyera, opanda maziro awiri ogundana? Wa cikho cimodzi alipo mmodzi, ndiye 1. A zikho ziwiri alipo awiri, 10 ndi 11. A zikho zitatu alipo atatu, 101, 110, 111, pakuti 100 yagwa. A zikho zinai alipo asanu, ndipo kupitirira tipeza 8, 13, 21, 34, 55, 89. Ciwerengero ciri conse ndico kuonkhetsa kwa ziwiri zapambuyo pace, ndipo cifukwa cace nca poyera: nambala yoyera itsiriza ndi 1 kapena ndi 10, mukadula 1 mutsala ndi yoyera yofupika ndi cikho cimodzi, mukadula 10 mutsala ndi yoyera yofupika ndi ziwiri. Mndandanda uwu Azungu aucha ndi dzina la Fibonacci, ndiye Leonardo wa ku Pisa, amene anaupeza m'caka ca 1202 powerenga kuswana kwa akalulu; koma a ku India anayamba kuuona, ndipo Hemachandra anaulongosola ca m'ma 1150 powerenga njira zosanjira mau afupi ndi atali m'ndakatulo. Oyimba ng'oma a kwathu, odziwa kusanganiza kugunda kwakufupi ndi kwakutali, ayenda m'njira yomweyo cinkana sailemba.

Cimene ndifuna muciyang'anitse ndi kucepa kwa oyerawo. Manambala a zikho khumi alipo 512, oyera ali 89. A zikho 20 alipo 524,288, oyera ali 10,946, ndiwo ngati awiri pa zana liri lonse. Nambala ikamka nitalika, kusowa mpata kusanduka cozizwitsa, ndipo mipata ya atatu, ya anai, ya asanu iyamba kuoneka mwa pafupifupi onse. Yaifupi ndiyo ikhala yoyera mosabvuta, popeza iribe malo okwanira kulakwiramo.

Tafika tsono pa funso lenileni. Kodi pfuko liri mwa nambala mwini, kapena liri m'dzanja la mlembi? Thirani nyemba 64 pamphasa, nimuyang'ane: mulibe ziro m'menemo, muli nyemba zokha zokha. Mukazilemba ndi makumi, 64, ziro saoneka. Mukazilemba pawiri pawiri, 1000000, aoneka asanu ndi mmodzi ndondondo. Nyemba 81 zilembedwa 1010001 pawiri pawiri, koma wowerenga patatu patatu azilemba 10000. Zana limodzi liri 100 ndi makumi, 400 ndi zisanu, 1100100 pawiri pawiri. Mulu uli womwewo, mipata ingosamuka. Poona izi wina adzati: Basi, mapfuko onsewa ngacabe, ali mthunzi wa kalembedwe, alibe coonadi. Mnzace adzayankha kuti: Iai, masamu sanama, cimene calembedwa ciri momwemo. Ine ndiona kuti onse awiri afulumira. Maziro a kumcira anena cinthu cimene nkhalamba yosadziwa kulemba icipeza ndi manja ace pogawa nyemba. Cimeneco ciri mwa muluwo, mlembi alipo kapena palibe. Mipata ya m'kati nayonso si bodza, pakuti ali yense wotenga zikho zomwezo, kaya ali ku Nkhoma kaya ku Tokyo, adzapeza mipata yomweyo. Koma iri yoona pa mulu woyesedwa ndi zikho zimenezo. Colakwa cilowa pamene mlembi aiwala kuti zikho anasankha ndiye, nayamba kulalikira kuti mulu wa nyembawo uli ndi dzenje.

Ndipo mipata sinena za kukula kapena kucepa. 127 ilembedwa 1111111, zikho zonse zodzala, yosiririka ndithu. Onjezani nyemba imodzi yokha: 128 ilembedwa 10000000, cikho cimodzi codzala ndi zisanu ndi ziwiri za pululu. Munthu woyang'ana zikho zopanda kanthu akadalira kuti mwini wace wasauka tsiku limodzi, pamene iye walemera kuposa dzulo. Manambala awiriwa ali oyandikana monga khomo ndi khomo, koma mapfuko ao atalikirana monga kum'mawa ndi kumadzulo.

Tibwere nazo kwa anthu. Pamudzi pakakhala nchito ya onse, monga kuumba njerwa za sukulu kapena kulambula mseu, pakhala wina wosunga kaundula, wolemba amene wabwera ndi amene sanabwere. Tiyerekeze masiku 12, ndi anthu awiri. Mzere wa woyamba uli 101010101010. Mzere wa waciwiri uli 111000000111. Powerenga wamba alingana, yense wajomba masiku asanu ndi limodzi. Powaika m'mapfuko a mipata asiyana kutali: woyambayo ali mwa oyera aja, opanda maziro awiri ogundana, waciwiriyo ali ndi mpata wa asanu ndi mmodzi. Nanga amene anthu amnena kuseri ndani? Ndi waciwiri, pakuti mpata wautali uoneka ndi maso, ndipo pofika tsiku lacinai onse afunsana kuti uje ali kuti. Woyamba uja nkhope yace siiwalika, popeza dzana anaoneka ndipo mawa adzaonekanso. Komatu tikaganiza bwino, maziro otsatana acokera kawirikawiri ku muzu umodzi: nthenda, maliro, ulendo wa kucipatala, mwana wodwala usiku ndi usana. Maziro omwazika ndiwo amene nthawi zambiri aturuka m'cizolowezi ca mtima. Ngati kaundula ayenera kutsutsa wina, kapena akadayamba ndi woyerayo.

Koma ngakhale apa tisathamange, pakuti mwina woyamba uja ndi mai wosinthana ndi mbale wace masiku osamalira nkhalamba yosayenda, lero uyu, mawa uyo. Mzere wace unena zoona, koma sunena cifukwa. Ndipo kumbukirani za zikho. Kaundulayo ayesa munthu ndi cikho cimodzi cokha, ca njerwa. Pakadakhala buku lina lolemba masiku a kudwazika odwala, mzere wa waciwiri uja ukadakhala 000111111000. Pali ponse pamene buku loyamba lalemba ziro, laciwiri likadalemba 1. Munthuyo sanaleke kukhala ndi moyo masiku asanu ndi limodzi amenewo; anali kwina, nacita zina, zimene mlembi analibe cikho cace. Ziro wa m'kaundula atanthauza kuti pano sanapezeke. Ife timwerenga ngati atanthauza kuti sanacite kanthu, ndipo pakati pa mau awiriwa ndi pamene pagona miseche yambiri ya pamudzi.

Wina adzafunsa kuti: Tsono titenthe makaundula, tileke kuwerenga mipata? Iai ndithu. Popanda kulemba, ocenjera adya thukuta la ofatsa, ndipo mpata wautali uli nako kuononga kwace kweni kweni, kumene amisiri a makina anakudziwa bwino. Pamene makampani a Philips ndi Sony anaturutsa timbale ta nyimbo ta CD m'caka ca 1982, nyimbo inalembedwa pa kambaleko ndi 1 ndi 0, ndipo kuunika kwakung'ono kunawerenga kambale kali kuzungulira. Panali bvuto la mbali ziwiri. Ma 1 akathithikana, diso la makina silikhoza kuwalekanitsa. Akatalikirana kwambiri, makina asokera powerenga maziro, osadziwa ngati apita 14 kapena 15, monga munthu woyenda usiku m'dambo lopanda mtengo asowa poyesera mtunda. Cotero Kees Schouhamer Immink ndi anzace anaika lamulo lakuti pakati pa 1 ndi 1 mnzace pakhale maziro osacepera awiri ndi osapitirira khumi. Mwa mizere 16,384 ya malo 14, yosunga lamuloli inapezeka 267, ndipo anasankhamo 256 yolembera. Apa kusanthula manambala ndi mipata yao kunagwira nchito yooneka, nyimbo zinamveka m'nyumba za anthu. Koma onani cimene lamulolo lifuna. Silinena kuti ziro ngwoipa, popeza lilamula kuti akhalepo awiri. Lingofuna kuti kukhala cete kusatalike kufikira wakumva atayika. Cimodzimodzi pamudzi: wosowa masiku ambiri ali ndi mangawa a kutumiza mau, ngakhale ndi mwana, kuti anzace asasokere m'maganizo, ndipo wosunga buku, akaona mpata ulikukula, ali ndi mangawa a kunyamuka kunka kukhomo kwace asanatsegule pakamwa pabwalo. Mwa mangawa awiriwa, aciwiri ndiwo aiwalika kawirikawiri, cifukwa kulemba ziro nkopepuka kuposa kuyenda.

Pali nzeru yinanso yocokera ku maziro a kumcira, imene ine ndiiyesa yodabwitsa koposa zonsezi. M'caka ca 1985 Philippe Flajolet ndi Nigel Martin anaonetsa njira yodziwira kucuruka kwa khamu posasunga maina. Dzina liri lonse makina alibvundula nalisandutsa nambala yooneka ngati yogwa mwa maere, koma dzina lomwelo lipatsa nambala yomweyo nthawi zonse, kotero kuti munthu wobwera kawiri sasokoneza kanthu. Makinawo sakumbukira anthu, ayang'anira kutalika kwa micira ya maziro imene yaoneka. Popeza theka la manambala liribe ziro kumcira, limodzi la magawo anai liri naye mmodzi, ndi kumka nicepa motero, mcira wa maziro khumi uoneka ngati kamodzi pa 1,000. Ukaoneka, mudziwa kuti khamu lafika ca pamenepo. Mwai ukhoza kunyenga, wa mcira wautali nafika msanga, cifukwa cace awerenga ndi miyeso yambiri nalinganiza. Ana a njira imeneyi agwira nchito lero m'makampani a pa intaneti powerenga alendo ao. Tsono mpata wautaliwo unena za yani? Sunena kanthu za mwini dzina, amene sanacite cabwino kapena coipa kuti aulandire. Unena za kukula kwa khamu. Sindinena kuti moyo wa munthu uli maere okha okha, pakuti munthu asankha, ndipo ulesi ulipo. Koma nthenda ndi imfa ndi cilala zigwa posafunsa, ndipo pa anthu cikwi sipalephera kupezeka wina amene zamgwera zotsatana. Iye aoneka wacilendo pakati pa anzace, ndipo anthu afuna cifukwa mwa iye, ena nanong'ona za ufiti, ena za cimo lobisika. Pamene masamu akadawauza kuti m'khamu lotere munthu wotere sakadalephera kukhalapo.

Kawerengedwe ka pawiri pawiri kanakopa mitima ya anthu oganiza kalekale makina asanabadwe. Thomas Harriot wa ku England, amene anamwalira mu 1621, anakalemba m'mapepala ace koma sanakafalitse. Amene anakabukitsa ndiye Gottfried Wilhelm Leibniz wa ku Germany, wobadwa mu 1646. Iye anaona m'menemo cithunzi ca kulengedwa kwa zinthu: kuti monga manambala onse aturuka mwa 1 ndi 0, comweco zonse zinacokera kwa Mmodzi popanda kanthu kena. M'caka ca 1697 analembera kalata mfumu Rudolf August ya ku Brunswick, napempha kuti asule ndalama ya cikumbutso yonyamula ganizo limeneli. Pambuyo pace Joachim Bouvet, wansembe wokhala ku Beijing, anamtumizira zithunzi 64 zakale za ku China, ciri conse ca mizere isanu ndi umodzi, yina yathunthu, yina yoduka pakati. Ndipo Leibniz, poona kuti zilingana ndi manambala ace kuyambira 0 kufikira 63, anakondwera nalemba nkhani yace mu 1703, nayesa kuti akale a ku China anadziwa masamu omwewo. Apa anapitirira muyeso, pakuti zithunzizo eni ace anaombeza nazo ula ndi kusinkhasinkha za kusintha kwa zinthu, sanaonkhetse nazo. Ndipo fanizo lace la cilengedwe, cinkana likoma, litsimphina mwendo umodzi. Ziro wa pa pepala ndi cikho coikidwa pamzere, cokhala ndi malo ace ndi muyeso wace, congodikira nyemba. Kupanda kanthu kumene Leibniz anafuna kufanizira kunalibe cikho, ngakhale mphasa yoikapo cikho. Munthu wanzeru zotere anasokoneza palibe wolembedwa ndi palibe weniweni, ndiko kusokoneza komwe kuja kwa wosunga kaundula.

Yatsala nambala imodzi imene sitinaipatse pfuko, ndiyo 0 mwini, mulu wopanda nyemba. Igawika pakati kangati? Abale awiri agawana copanda kanthu, yense atenga copanda kanthu, ndipo palibe yotsala yoyambitsa mkangano. Agawanso, ndi momwemo. Akhoza kugawa kufikira imvi, kugawana kwa mtendere sikudzatha. Simungaiike m'pfuko la maziro atatu, kapena la khumi, kapena la 63, popeza ipitirira onsewo. Ophunzira masamu ena ailembera pambali cizindikiro ca kusatha, nati pfuko lace liri pamwamba pa mapfuko onse. Ena aicotsa m'kaundula, nayamba kuwerenga pa 1. Ndipo alembi a malangizo a kompyuta acenjezana kuti pofunsa makina maziro a kumcira kwa nambala, ayambe aona ngati nambalayo si 0, cifukwa makina ena ayankha ndi ciwerengero ca zikho zonse ziri pamzere, 32 kapena 64, ndipo ena apatsa yankho losadalirika.